Kuika loko ndi handulo yatsopano pa chitseko chakumbuyo cha pikiapu

Ntchitoyi imaoneka yaing'ono: mabawuti ochepa, marodi awiri, basi. Koma ambiri amene amaigwira okha amagwa pamalo amodzimodzi. Amamanga zonse bwinobwino, kubwezera chivundikiro, kumenyetsa chitseko, ndiye pokoka handulo mbali imodzi yamasuka, inayo yaluma osafuna kusiya. Kwa ena chitseko chimatsekeka bwino galimoto itaima, koma ikangodumpha pa bampu chimadzitsegukira katundu ali momwemo. Mavuto onse awiriwa amachokera pa marodi osalinganizidwa, ndipo amapeweka mukayesa maloko chitseko chili chotsegula, chivundikiro chisanabwerere pamalo pake.

M'kati mwa chitseko mulibe zambiri. Pakati pali handulo. Kuchokera pa handuloyo rodi imodzi imapita kumanzere, ina kumanja, ndipo kumapeto kwa rodi iliyonse kuli loko amene dzino lake limaluma pini yomangidwa pa bodi. Mukakoka handulo, marodi onse amakokedwera pakati, mano n'kusiya mapini. Ndi momwe zilili pa mapikiapu ambiri okhala ndi handulo imodzi pakati, monga Toyota Hilux, Ford Ranger, Isuzu D-Max, Nissan Navara ndi Mitsubishi Triton, ngakhale kuti malo a mabawuti amasiyana malinga ndi chaka chimene galimoto inapangidwa. Pa zina mumakhala makebulo m'malo mwa marodi, koma kayesedwe kake n'chimodzimodzi.

## Musanagule kanthu

Handulo ikamakokeka mopepuka, popanda chokaniza chilichonse, kawirikawiri imakhala kilipi ya pulasitiki yogwira rodi yathyoka ndipo rodi yagwera m'kati. Pamenepo handulo ilibe mlandu, gulani makilipi okha. Handulo ikathyokera m'manja mwanu, funsani chimene chinakuchititsani kukoka mwamphamvu chonchi: nthawi zambiri ndi loko amene wauma ndi fumbi ndi dzimbiri. Chitseko chikamangolira gobedegobede panjira koma chikutseguka bwino, yang'anani mapini ndi timalabala tomwe chitseko chimatsamirapo.

Pogula, gwiritsani ntchito nambala ya VIN, yozindikiritsa galimoto yanu, ya zilembo ndi manambala 17, kapena nyamulani chitsulo chakalecho. Loko wakumanzere ndi wakumanja amaoneka ngati ofanana koma pa galimoto zambiri sasinthana. Onetsetsaninso kuti handulo yatsopano ili ndi bowo la kiyi ndi la kamera ngati yakaleyo inali nawo.

## Zida ndi zipangizo

- Handulo yatsopano, ndi loko mmodzi kapena onse awiri
- Makilipi atsopano a marodi, ndi awiri kapena atatu apadera
- Masoketi a 10 mm, 12 mm ndi 13 mm, ndi chotalikitsira chake
- Makiyi a Torx, amutu wa nyenyezi aja, makamaka T30 ndi T40
- Sikuludilaiva yosongoka ya sitala ndi ina yaing'ono yafulati
- Pulaya yamlomo wautali
- Mafuta olowerera omasulira zadzimbiri, monga WD-40
- Girisi woyera wa lithium
- Loctite wabuluu, 243, mankhwala oletsa mabawuti kumasuka okha
- Tepi ya pepala, cholembera cha maka, choko
- Tochi, maginito a pandodo, bulashi ya waya, sanza, magolovesi
- Munthu wachiwiri, ngati chitseko chakana kutseguka

Sipanala yoyeza mphamvu yomangira ndi yabwino kukhala nayo, ngakhale ntchito imatheka popanda iyo ngati dzanja lanu silifulumira.

## Kutsegula ndi kumasula zakale

1. Imikani galimoto pamalo afulati, kokani handibuleki, tsitsani katundu yense. Ngati pa chitseko pali kamera kapena loko wamagetsi wotseka ndi rimoti, chotsani waya wa negetivi pa batire. Loko wamagetsi akhoza kudzitseka zala zanu zili m'kati.

2. Tsegulani chitseko. Ngati chakana, kwerani m'bodi, masulani chivundikiro cham'kati chitseko chili chotseka chomwecho, ndipo kokerani marodi onse awiri pakati ndi pulaya. Mnzanu aime kunja, akankhire chitseko kutsogolo pang'ono kuti mano apepukidwe, kenako achilandire. Chenjezo: chitseko chachitsulo chimalemera makilogalamu 20 kapena kuposerapo. Yambani mwaona makebulo ochigwirizira m'mbali. Ngati ayamba kududuka kapena atupa ndi dzimbiri pansi pa chikutiro chake, ikani tebulo kapena chothandizira china pansi musanachitsitse.

3. Chotsani chivundikiro cham'kati. Ngati bodi inavekedwa pulasitiki yoteteza, masikuluu amakhala pansi pake kapena amagwira zonse ziwiri pamodzi. Ena ndi a Torx T30, ena ndi a sitala. Kolokosani dothi m'mutu mwa sikuluu iliyonse kiyi asanalowe, chifukwa kiyi wolowa theka ndi amene amadya mutu. Zikauma, thirani mafuta, dikirani mphindi 10 kapena 15, yesaninso. M'mphepete mwa bowo limene latsegukalo ndi mwakuthwa, valani magolovesi.

4. Musakhudze kanthu kaye. Jambulani ndi foni malo onse olumikizirana: pa handulo, pa loko wakumanzere, pa loko wakumanja. Matani tepi pa rodi iliyonse, mulembe mbali yake ndiponso nsonga imene imaloza ku handulo. Ngati rodi ili ndi mazinga kumapeto, werengani mazinga amene atsala kunja kwa kilipi kapena lembani mzere ndi maka pomwe kilipi yagwira. Mzere umenewu ndi poyambira panu polinganiza.

5. Chotsani marodi pa handulo. Kilipi yambiri imagwira pawiri: nsonga yopindika ya rodi imalowa m'bowo, ndipo kadzanja ka pulasitiki kamazungulira n'kukumbatira rodiyo. Kankhani kadzanjako ndi sikuludilaiva yafulati kuti kasiye rodi, kazungulitseni, kenako solorani nsonga m'bowo. Osatukula rodi mokakamiza kadzanja kasanasiye. Pulasitiki yokalamba imakhala youma ndipo imathyoka msanga, ndiye musadabwe imodzi ikaduka ngakhale mwasamala.

6. Masulani handulo. Matani tepi pa penti kuzungulira handulo kunja kuti musakande. Nthawi zambiri imagwidwa ndi manati kapena mabawuti awiri kapena atatu a 10 mm, omasulira m'kati. Gwirani nati iliyonse ndi zala ikatsala pang'ono kutuluka, chifukwa ikagwera m'chitseko mudzaivuula ndi maginito kwa nthawi yaitali. Zulani pulagi ya kamera podina kaloko kake, osakoka waya. Pa galimoto zina pamakhala felemu ya pulasitiki kunja imene imagwidwa ndi timano, ndipo timanoti timafinyidwira m'kati.

7. Masulani maloko. Musanatero, lembani mzere ndi maka kuzungulira loko aliyense ndi mitu ya mabawuti ake. Mabawutiwa amakhala m'mbali mwa chitseko, awiri kapena atatu. Tulutsani loko pamodzi ndi rodi yake, mukumupotoza pang'ono kuti rodi isakodwe pa zitsulo zam'kati, ndipo muchotse rodiyo loko ali kale panja pomwe mukuona bwino.

## Kukonzekera zatsopano

8. Yalani zakale ndi zatsopano pamodzi pa tebulo. Mabowo a mabawuti agwirizane, mikono yokokera marodi iloze mbali imodzi, ndipo mabowo olowamo makilipi akhale a saizi yofanana. Zikasiyana, bwezani katunduyo pompano. Ogulitsa ambiri salandira chitsulo chimene chaonetsa kuti chinamangidwapo.

9. Samutsani silinda ya kiyi, kachitsulo kolowamo kiyi kaja. Handulo zambiri zatsopano zimabwera zopanda silinda, n'cholinga choti muikemo yakale ndipo kiyi wanu yemweyo apitirize kugwira ntchito. Imagwidwa ndi kilipi yachitsulo yooneka ngati chilembo C kapena U, kapena ndi sikuluu imodzi. Phimbani ndi sanza potulutsa kilipiyo chifukwa imadumpha. Onani komwe kamkono ka kumbuyo kwa silinda kaloza musanaitulutse, kakalowa chozondoka kiyi adzatseka pomwe ayenera kutsegula. Kamera imasamutsidwanso nthawi yomweyi, mbali yake yakumwamba ikhale kumwamba.

10. Tsukani m'kati mwa chitseko. Pansi pake pali timabowo totulutsira madzi, tiboolereni ndi kawaya ngati tatsekeka ndi matope. Palani dzimbiri pomwe maloko amakhala. Pakani girisi pang'ono pa dzino la loko, pa sipuling'i ndi pamalo onse pomwe chitsulo chimazungulira pa chinzake, ndipo pukutani wotsala. M'silinda ya kiyi musaikemo girisi, mumafunika ufa wa graphite kapena mafuta opangidwira maloko.

## Kumanga

11. Yambani ndi maloko. Lumikizani rodi pa loko ndi kilipi yatsopano loko ali panja, lowetsani rodi patsogolo, loko atsatire. Lowetsani mabawuti onse ndi zala, maulendo atatu kapena anayi, sipanala isanakhudze. Bawuti ikakana kuyenda ndi zala ndiye kuti yalowa mopendama, ibwezeni muyambirenso. Dontho limodzi la Loctite pa mazinga ndi lokwanira. Khazikani loko pa mzere wa maka uja ndipo mumange.

12. Ikani handulo pamodzi ndi labala wake wotchinga madzi. Mangani manati mosinthanasinthana, pang'ono uku pang'ono uko, kuti ikhale mofanana. Bawuti wamba ya M6, imene mutu wake umakhala wa 10 mm, imamangidwa pafupifupi 10 Nm (muyeso wa pa sipanala yoyeza mphamvu yomangira ija) ikamalowa m'chitsulo, ndipo ya M8, ya mutu wa 12 mm kapena 13 mm, pafupifupi 25 Nm. Buku la galimoto yanu likanena zina, tsatirani bukulo. Chenjezo: ngati mabawuti a handulo anaumbidwira mu pulasitiki, lekezani pomwe nati yangogwira n'kuonjezera pang'ono chabe. Mukapitiriza, bawuti imazuka m'pulasitiki ndipo handulo yatsopanoyo yatha ntchito isanayambe.

## Kulinganiza marodi

Apa ndiye pagona ntchito yonse, choncho musathamange.

13. Tsekani mano a maloko onse awiri pokankhira thupi la sikuludilaiva m'kamwa mwa loko, chitseko chili chotsegula. Handulo ikhale pamalo ake opumira, osakokedwa ngakhale pang'ono. Tsopano gwirani rodi imodzi, ikokereni ku handulo mofatsa kufikira mutamva kuti mkono wa loko wayamba kukaniza. Pamenepo imani. Bwezani rodi milimita 1 kapena 2, ndipo tsekani kilipi pomwepo. Chitani chimodzimodzi mbali inayo.

Kampata kameneka kali ndi ntchito. Rodi ikathina, imakhala ikukoka mkono wa loko nthawi zonse, ndipo kachitsulo kogwira dzino sikakhala mokwanira. Chitseko chimatseka, mumamva kulira kwake, mumakhulupirira kuti zatheka, koma dzino langogwidwa ndi nsonga chabe ndipo kugwedezeka kwa msewu kumalimasula. Rodi ikakhwepa kwambiri, handulo imafika pamapeto loko asanamasuke, ndipo munthu amayamba kukoka ndi mphamvu zonse mpaka handulo kuthyoka. Mwa ziwirizi choopsa ndi kuthina, chifukwa kukhwepa mumakudziwa muli pakhomo pomwe kuthina mumakudziwira pamsewu.

Marodi ena alibe mazinga, ali ndi nsonga yopindika yokha ndipo utali wake susintha. Rodi yotere ikapanda kufika pa bowo lake, kapena ikapitirira, pali chimene chalakwika penapake: marodi asinthana mbali, rodi yazondoka, kapena loko ali mbali yosayenera. Bwererani ku zithunzi zija.

14. Yesani ndi sikuludilaiva. Kokani handulo kuti mano atseguke. Lowetsani thupi la sikuludilaiva m'kamwa mwa loko monga momwe pini imalowera, ndipo kankhani. Maloko ambiri amalira kawiri: koyamba ndi kugwira kwa theka, kotetezera kuti chitseko chisagwe, kachiwiri ndi kugwira kwathunthu. Mumve konse kuwiri. Kenako kokerani sikuludilaiva kunja mwamphamvu, dzino lisasunthe. Mukatero, kokani handulo pang'onopang'ono kwinaku mukuyang'ana. Maloko onse amasuke pafupifupi nthawi imodzi, handulo isanafike pamapeto, ndipo mukaisiya ibwerere yokha. Mbali imene ikuchedwa, fupikitsani rodi yake ndi mzinga umodzi n'kuyesanso. Mbali imene ikumasuka mukangokhudza handulo, italikitseni. Bwerezani kangapo mpaka ziziyenda mofanana nthawi iliyonse.

Pa mapikiapu ena akale mulibe dzino lozungulira, muli kachitsulo kotuluka ndi kubwerera ngati ka loko wa chitseko cha m'nyumba. Kameneko kadineni ndi chala, katuluke kokha msanga ndiponso konse, ndipo handulo ikakokedwa kalowe konse.

15. Kokani handulo komaliza ndipo onani ndi maso kuti mano onse awiri ndi otsegula. Chenjezo: mukatseka chitseko dzino lili lotseka, limamenyana ndi pini ndipo likhoza kupindika kapena kusuntha piniyo. Tsopano kwezani chitseko, chivundikiro chisanabwerere, ndipo chikankheni ndi manja awiri osachimenyetsa. Gwedezani ngodya iliyonse payokha. Ngati china chavuta, marodi akadali poonekera ndipo mungathe kutsegula muli m'bodi.

## Kulinganiza mapini

16. Chitseko chikamafuna kumenyetsedwa kuti chigwire, kapena chikamagwedera chitatsekedwa, kapena ngodya imodzi ikatsalira kunja, vuto lasamukira pa mapini. Pakani choko pa pini, tsekani mofatsa, tsegulani, muone pomwe choko chafufutika. Pini iyenera kulowa pakati pa kamwa la loko, osakhula kumwamba kapena kunsi, ndipo chitseko chisatukuke kapena kutsika pamene chikutseka.

Lembani mzere kuzungulira tsinde la pini, imasuleni pang'ono chabe moti izisuntha mukaigogoda, ndipo isuntheni milimita 1 kapena 2 pa ulendo umodzi. Kuisunthira kutsogolo, cha kumutu kwa galimoto, kumathinitsa chitseko ndi kuthetsa kugwedera. Kuibwezera kumbuyo kumapangitsa kuti chizitseka mosavuta. Musaimasule yonse, chifukwa pa galimoto zina nati yake ndi kachitsulo kongokhala m'kati mwa bodi ndipo kakagwa muyenera kuchotsa nyali yakumbuyo kuti mukapeze. Pa zina pini sisuntha n'komwe, ndipo mpata wolinganizira uli pa mabowo a loko. Ngati pini ili ndi chikutiro cha pulasitiki ndipo chaperepeseka, isintheni, kusuntha sikungathetse phokoso.

Chinthu china chimene ambiri sachiganizira ndi mahinjesi apansi. Timakapu ta pulasitiki ta m'mahinjesi tikatha, chitseko chimatsika mbali imodzi, ndipo mungasunthe mapini tsiku lonse osapeza pabwino. Tukulani ngodya ya chitseko chili chotsegula theka. Ikamasewera, yambani mwakonza kumeneko.

## Kumaliza

17. Lumikizani pulagi ya kamera ndi ya loko wamagetsi, mangirirani waya kutali ndi marodi, bwezerani waya wa batire. Yesani kiyi ndi rimoti chitseko chili chotsegula: mukakiya, handulo isamasule maloko, mukakiyula imasule. Ikani giya ya rivesi, handibuleki ili yokoka ndipo phazi lili pa buleki, muone chithunzi cha kamera.

18. Bwezerani chivundikiro. Lowetsani masikuluu onse ndi zala musanamange iliyonse. Tsegulani ndi kutseka kangapo, chifukwa chivundikiro chopindika chimatha kukhula rodi. Yendani mtunda waufupi pamsewu wa mabampu bodi ili yopanda katundu, kenako gwedezaninso ngodya zonse ziwiri.

## Zolakwika zofala

Kusintha handulo yokha loko ali wouma. Handulo yatsopano imakumana ndi kuuma komweko kumene kunathyola yakale. Kokani rodi iliyonse ndi zala musanaike handulo. Ngati loko sakumasuka ndi zala, mutsukeni kapena musintheni.

Kubwezera makilipi akale. Amaoneka abwino, amatseka, koma mphamvu yogwira inatha kale. Pa zonse zimene mungagule pa ntchitoyi, makilipi ndiwo otsika mtengo kwambiri, ndipo ndiwo amene amabweza anthu kudzamasulanso chivundikiro.

Kupinda rodi kuti ifike. Ena amachita izi ndi pulaya ndipo tsiku limenelo zimagwira. Koma rodi yopindidwa imawongoka pang'onopang'ono pokokedwa, mpata umakula, ndipo pakapita nthawi mbali imeneyo imasiya kumasuka. Rodi imene inapindika kale pangozi iwongoleni poiyerekeza ndi inzake, kapena gulani ina.

Kudalira WD-40 yokha. Imamasula zouma ndi kuthamangitsa madzi, koma siikhalitsa ngati girisi. Kupaka girisi wambirimbiri nakonso n'kulakwa, popeza kumbuyo kwa pikiapu n'komwe fumbi limasonkhana, ndipo fumbi likasakanikirana ndi girisi limasanduka phala louma lomwe limagwira dzino.

Loctite pamalo olakwika. Wofiira, monga 271, amafuna kutenthetsedwa kuti amasuke, ndipo pafupi ndi penti ndi pulasitiki simungayatse moto. Wabuluu yemweyo asakhudze pulasitiki ya handulo, chifukwa mankhwala amenewa amasweketsa mitundu ina ya pulasitiki.

Kupana waya wa kamera pakati pa chivundikiro ndi chitseko, kapena kuusiya ukukhula pa rodi. Chithunzi chimayamba kuzimazima patapita milungu, ndipo munthu amaganiza kuti kamera ndiyo yafa.

Kukoka handulo katundu atatsamira chitseko. Izi zimachitika ntchito itatha kale, koma ndi zimene zimathyola handulo zambiri. Matumba, mchenga kapena migolo ikasunthira kumbuyo, kulemera kwake konse kumakhala pa mano awiri aja ndipo mphamvu yofunika kuwamasula imakwera kwambiri. Kankhirani chitseko kutsogolo ndi dzanja limodzi kapena ndi ntchafu, kokani handulo ndi linalo, ndipo imani chammbali pang'ono kuti katundu akatsetsereka asakugwereni pa mapazi.